Kanetibuku kakukana fulashi? Musathamangire kunena kuti kafa

Sabata yathayi kushopu kwanga kuno ku Area 23 kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa pulayimale, atanyamula ka Acer Aspire One m'chikwama cha m'manja, akuti mwana wawo watha masiku atatu akulimbana nako kuti aikemo Windows kudzera pa fulashi koma zikungokanika, ndiye iwo anali atagamula kale kuti kafa basi, ndingochotsamo mafayilo awo. Kamakina kanali bwinobwino, vuto linali fulashiyo ndi mmene anaikonzera.

Timanetibuku timeneti, timalaputopu tating'onoting'ono ngati ma Asus Eee PC, Aspire One, HP Mini, Samsung NC10, tinabwera cha m'ma 2007 mpaka 2010 uko, tilibe polowetsa CD ndiye njira ndi fulashi basi. Koma anthu amaiwala kuti ndi agogo amenewa, sungawapatse chimanga chokazinga ngati mnyamata wa mano onse. Tambiri tili ndi purosesa ya Intel Atom N270, imeneyo ndi 32-bit yokhayokha, ndiye mukatsitsa ISO (fayilo yoikira Windows kapena Linux) ya 64-bit mwangotaya bando yanu, siidzayaka olo mupemphere usiku wonse. Pa Linux imachita kukuuzani kuti "This kernel requires an x86-64 CPU", apo musavutikenso kusintha mafulashi, pezani ya 32-bit. Ma N450 ndi N455 amatha 64-bit inde, komabe ndi RAM ya 1GB ine ndimaikabe 32-bit chifukwa ndi yopepukirako.

Mwana wa mayi uja pomwe anagwera ndi pa Rufus, pulogalamu yolembera ISO pa fulashi. Anakonza fulashi pa laputopu yatsopano, pa Partition scheme (kagawidwe ka disiki, posankha GPT kapena MBR) panali GPT ndipo iye sanakhudzepo, pomwe GPT imayendera limodzi ndi UEFI ya makina amasiku ano. Netibuku ya nthawi imeneyo ili ndi BIOS yakale ija, pulogalamu yoyatsa makina yomwe inalipo UEFI isanabwere, imafuna MBR. Mukailowetsa fulashi ya GPT mwina imangoidumpha ngati siikuiona, mwina sikirini yakuda ndi kamzere kothwanima pakona, mumadikira mpaka tiyi kuzizira. Bwererani pa Rufus, sankhani MBR, pa Target system pakhale BIOS, mulembenso. Ndi ntchito ya mphindi zochepa chabe koma yapulumutsa timakina tambiri tomwe eni ake anali atatitaya pansi pa bedi.

Tsono pali nthawi yoti fulashi ili bwino koma makina sakuyambira pamenepo. Batani la boot menu, posankhira pomwe makina ayambire, limasiyana: Asus ndi Esc, HP ndi F9, Dell ndi F12, Acer ndi F12 nayonso koma nthawi zambiri imabwera yotseka, mpaka mulowe mu BIOS ndi F2 mukaitsegule kaye. Ndiye pali kachinyengo kena komwe kanandizunguza mutu ndikuyamba kumene ntchitoyi, BIOS zina, makamaka za Eee PC, fulashi siziiwerenga ngati Removable Device ayi, zimaiika pansi pa Hard Disk Drives ngati kuti ndi hadi disiki yachiwiri, ndiye inu muli kalikiliki kukweza Removable pamwamba palibe chikuchitika. Lowani mu Hard Disk Drives momwemo, fulashi ikhale yoyamba. Ndipo muziilowetsa makina asanayake, osati atayaka kale. Pa Eee PC muzimitsenso Boot Booster, imathamangitsa zinthu mpaka F2 osaigwira.

Za mafulashi ogula m'mbali mwa msewu mu Old Town ndinenepo pang'ono, sindikunyoza bizinesi ya munthu koma ena mwa amenewa amalemba 32GB kunja pomwe mkati muli kochepa kwambiri. Amalandira mafayilo ngati zonse zili bwino kenako install ikafika pakati imaima n'kunena kuti fayilo yawonongeka. Yesani ndi H2testw, pulogalamu yoonetsa kukula kwenikweni kwa fulashi, musanayambe. Windows 7 ya 32-bit imakwana pa fulashi ya 4GB, ndiye bola yaing'ono yeniyeni kusiyana ndi chimkulukulu chabodza.

Windows 7 ikakuuzani kuti "A required CD/DVD drive device driver is missing" pamakina opanda CD n'komwe, musaseke, zimachitika. Tsekani uthengawo, mubwerere poyambira, zulani fulashi muilowetse pa poti ina, nthawi zambiri imapitirira. Ikakanabe, mwina ISO yanu siinatsike yonse, netiweki inadula panjira. Ikamaliza kukopera n'kuzima yokha koyamba, zulani fulashi, apo ayi iyambiranso pachiyambi ndipo muzingozungulira pomwepo ngati ng'ombe ya pachingwe.

Sikirini nayonso ndi 1024x600, yaifupi, ndiye pa ma installer ena a Linux batani la Next limabisala pansi osaoneka. Gwirani Alt, mukoke windo yonseyo ndi mausi kupita m'mwamba, lionekera.

Magetsi, abale. Mabatire a timakina timeneti anatha kalekale, ukangozula chaja kazima. Magetsi akathima ili mkati mogawa disiki mutsala opanda yakale opanda yatsopano, ndiye muziyamba pomwe angobwera kumene kapena pitani kwa mnzanu wa sola, ndipo mafayilo anu mukhale mutasamutsa kale.

Nanga muikemo chani? Windows 7 Microsoft anasiya kuisamala pa 14 January 2020, yolembera mayeso ndi masikimu popanda intaneti ilibe vuto koma osamalowera nayo ku banki. Windows 10 ya 32-bit imalowa koma pa 1GB mudzakalamba mukudikira Start menu, nayonso anaisiya mu October 2025, Windows 11 musaiganizire n'komwe, ya 32-bit kulibe. Kumbali ya Linux, Ubuntu anasiya kutulutsa za 32-bit, ndiye ine masiku ano ndimakonda antiX, ndi yopepuka zedi. Mayi aja anakana, akuti anazolowera Word, tinaika Windows 7 yomweyo, ndinawawonjezera RAM kufika 2GB pomwe ndi pothera pa kamakina kameneko, anakwera minibasi masana omwewo kanetibuku kali m'chikwama.