Musanaboole shock ya njinga yanu, tamverani kaye

Pali mawu amene andikwana pagalaja pano. Shock ya kumbuyo, chitsulo cha sipuling'i chija chochepetsa kugunda kwa mabampu pa njinga yamoto, ikangoyamba kudontha, mnyamata wa kabaza aliyense amafika ndi nyimbo imodzimodzi: "Madala, yangotha oyilo iyi, tangothirirani wina." Ena safika n'komwe kwa ife. Amaimasula okha, ulendo kwa owotcherera mageti, kukaboola kabowo m'mbali, kupoperamo oyilo wa injini ndi jakisoni, kutseka ndi moto, basi akuti akonza.

Oyilo wa mu shock sapsa monga achitira wa mu injini, komanso sauma. Mukaona wachepa, dziwani kuti watulukira pa seal, kalabala kamene kamakumbatira chitsulo chonyezimira cholowa ndi kutuluka chija, chimene amisiri timangoti rod. Seal nayonso siing'ambika yokha. Pali chimene chaidya: mchenga wa m'misewu yathu yafumbi, dzimbiri limene latumphula chrome yonyezimira yokuta rod, kapena rod imene inapindika tsiku lomwe munakweza matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, mwini chimanga n'kukhala pamwamba pake. Muthire oyilo wabwino chotani, adzatulukira pomwe anatulukira woyamba uja.

Zoti sipuling'i ndiyo imanyamula kulemera, pamene oyilo wodutsa m'timabowo ta pisitoni ndiye amaigwira kuti isamangonjanja, sinditayirapo nthawi. Wogwira sipanala aliyense ayenera kuzidziwa. Chimene anthu sadzifunsa n'chakuti, kodi shock ndagwirayi anaipanga kuti izitsegulidwa?

Ma shock awiriawiri a njinga za kabaza, kaya ndi Lifo, Boxer kapena zina zochokera ku China ndi India, ambiri anawatsekeratu kufakitale popinda chitsulo cha pakamwa kapena powotcherera. Alipo ochepa okhala ndi nati yomasuka pamwamba, koma ngakhale amenewo seal yake yeniyeni simuipeza wambawamba. Amene akukuuzani kuti atsegula shock yotsekedwa chonchi ndiye kuti adula chitsulo ndi sowo, ndipo pobwezera aotcha. Kutentha kwa motowo kumapsereza labala wamkati, tizidutswa ta chitsulo ta poboola paja timagwera mu oyilo n'kukatseka timabowo ta pisitoni. Mwalipira ndalama kuti akumalizireni chinthu chimene chinali kudwala kale.

Ndiye oyilo amene amathiramoyo. Wa injini amene ambiri timagula ndi 20W-50, wolimba, pamene shock imafuna wopyapyala kwambiri, wolembedwa 2.5W kapena 5W. Wolimbayo sadutsa msanga m'timabowo. Mukagunda bampu shock imalowa, koma isanabwerere mwagunda kale ina, ikulowabe, mpaka kumbuyo konse kwakhala pansi ndipo tayala layamba kudumpha m'malo motsata msewu. Mwini njinga amasangalala kuti "yalimba tsopano." Tayala lomwe lili m'mwamba siligwira buleki, achimwene. Ena amathira mafuta a mabuleki, a DOT 3 kapena DOT 4, poti ndi opyapyala. Amenewo amayamwa madzi ndipo sagwirizana ndi labala wa seal za shock. Choipitsitsa, amachita zonsezi mbali imodzi yokha imene imadontha, njinga n'kukhala ndi shock yolimba kumanzere, yofewa kumanja. Pakona imapotoka yokha.

Pa ma shock otsekedwawa, ntchito ya pakhomo ilipo koma ndi yochepa. Atsukeni, makamaka rod, matope asaumirepo. Sinthani timalabala ta m'maso momwe mumadutsa mabawuti, chifukwa phokoso limene ambiri amanamizira shock limachokera pamenepo kapena pa mabushi a swingarm, chitsulo chogwira tayala lakumbuyo chija. Kolala yamasitepe ili pansi pa sipuling'i ija, nthawi zambiri masitepe 5, itembenuzeni ndi sipanala yake yangowe, osati kukhoma ndi hamala ndi sikuludiraivala, ndipo mbali zonse zikhale pa sitepe imodzi. Kukweza sitepe kumathandiza katundu akachuluka, koma sikudzutsa shock yakufa. Kanikizani mpando mwamphamvu n'kusiya. Njinga ibwerere kamodzi n'kukhazikika. Ikanjanja kawiri katatu, gulani atsopano, awiri onse.

Tsopano nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero.

Njinga za mapulojekiti ndi za alangizi zija, monga Yamaha DT125 ndi AG200, zili ndi shock imodzi pakati, imene a Yamaha amaitcha Monocross. Mkati mwake muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa. Kapangidwe kameneka kanachokera kwa injiniya wa ku France, Christian Bourcier de Carbon, m'zaka za m'ma 1950: chubu chimodzi, oyilo mbali ina, mpweya mbali ina, pakati pake kapisitoni koyenda kokha kowalekanitsa. Mpweyawo umapanikiza oyilo kuti asachite thovu shock ikatentha. Mu ma shock ambiri otere umakhala pa ma bar 10 kapena kuposerapo. Tayala lanu lakumbuyo mumapopa ma bar 2 ndi pang'ono.

Bambo wina anabwera ndi DT imene anagula pa okushoni. Shock inali itadontha kwa nthawi yaitali, ndipo diso lake lomangira linali litayamba mng'alu. Ndinawauza kuti iyi ndi yosintha, ndipo asayandikize moto. Anati mtengo wakwera, akaganiza kaye. Kuganiza kwake kunali kupita nayo kwa wowotcherera wa pamsika. Mwini shedi kunalibe, amene anagwira moto anali mwana wophunzira ntchito, mnyamata woti ndevu zinali zisanamere. Onse anagwirizana kuti poti oyilo anatha kale, mkatimo mulibe kanthu.

Apa ndi pamene ambiri amanamizika, ngakhale amakaniko ena. Oyilo amatulukira pa seal ya rod. Mpweya uli kuseri kwa kapisitoni kaja, uli ndi labala wakewake. Oyilo atha kuchucha pafupifupi yense, mpweya uli chikhalire. Atayatsa moto, chitsulo chinafewa, mpweya wotenthedwa unakula mphamvu, chubu chinang'ambika n'kulavula oyilo wotsala uja ali wamoto kumaso kwa mwanayo. Anapita naye kuchipatala. Diso limodzi silinabwerere. Bambo aja njinga yawo akuyendabe, anagula shock yomwe ija ankati yakwera mtengo. Mwanayo sanali mwini njinga, sanali mwini shedi, ndalama ya ntchitoyo sikanalowa m'thumba mwake. Pa shock zoterezi pamakhala chenjezo lolembedwa m'Chingerezi loletsa kutsegula ndi kuyandikiza moto, koma pa njinga yakale limakhala litakwiririka ndi matope ndi oyilo, ndipo palibe amene amalipukuta kuti awerenge.

Mabuku a amakaniko a njinga zimenezi amanenadi za kuboola, koma mumvetse bwino. Amati shock imene mukufuna kutaya muiboole kabowo ka mamilimita 2 kapena 3 pamalo pomwe asonyeza, mutavala magalasi oteteza maso, kuti mpweya utuluke isanapite kudzala kapena kwa ogula zitsulo zakutha. Kubooledwa kumeneko ndiko kutha kwake.

Alipo ma shock opangidwa kuti azitsegulidwa, a makampani monga Showa ndi KYB a ku Japan, WP imene mumaiona pa njinga za KTM, ndi Öhlins ya ku Sweden imene Kenth Öhlin anayambitsa mu 1976. Mumawapeza pa njinga zikuluzikulu zoyenda m'tchire ndi zampikisano. Mumawadziwira kabotolo kapambali kosungira mpweya, kokhala ndi vavu kapena kalabala kolowetsapo singano, ndi seal yogwidwa ndi circlip, kawaya kozungulira koletsa mutu wa seal kutuluka. Awa munthu wodekha atha kukonza pakhomo. Ndati wodekha.

Musanagule seal, yang'anani rod. Yendetsani chikhadabo pamwamba pake ponse. Chikakodwa penapake, lekerani pomwepo, seal yatsopano idzadulidwa pamalo omwewo. Timadontho tating'ono ta dzimbiri mutha kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri wonyowetsedwa ndi oyilo, koma chrome ikasendeka kapena rod ikapindika, palibe cha pakhomo chimene mungachite.

Yezani kutalika kwa sipuling'i ili pomwepo n'kulemba papepala, muwerengenso makiliki a timasikulu tosinthira kulimba kwa shock ngati tilipo. Sipuling'i muimasule ndi makolala ake, ndipo ngati ikhalabe yopanikizika, mugwiritse chopanikizira chake. Zomanga ndi waya kapena kukanikiza ndi masikuludiraivala awiri mnzanu akusolola kolala ndi zala, zala zambiri zathera pamenepo. Kenako tulutsani mpweya wonse, vavu italoza kutali ndi nkhope. Wonse. Mukatero ndiye mungakankhire mutu wa seal mkati, kuchotsa circlip, ndi kusolola rod ndi pisitoni yake. Mutuwo ukakana kulowa, musaukakamize, mwina mpweya ukadalimo.

Pa pisitoni pali timawashala topyapyala tambiri tosanjikizana, ma shim. Ndito timene timapindika oyilo akamadutsa, ndipo kasanjidwe kake ndiko kamapatsa shock khalidwe lake. Mukamachotsa, tungani tonse pa waya m'ndondomeko yomwe mwatipezera. Kamodzi kakasinthana malo ndi kanzake, shock idzagwira mosiyana ndipo simudzadziwa chifukwa chake. Nati ya kumapeto kwa rod nthawi zambiri anaikhomerera kufakitale kuti isamasuke. Palani pokhomererapo ndi fayilo pang'onopang'ono, mukaikakamiza ndi sipanala mudya mazinga a rod. Polowetsa seal yatsopano, kulungani mazingawo ndi tepi n'kupaka oyilo, kuti isadulidwe isanayambe n'komwe ntchito. Pobwezera nati pakani mankhwala ogwira mazinga ndipo mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, pamlingo wa m'buku la njinga yanu. Nati imeneyi ikamasuka muli paulendo, rod imatsala yokha.

Zonsezi muchitire patebulo loyera, m'nyumba, osati pabwalo pomwe mphepo ikuulutsa fumbi.

Pomwe ambiri amagwa ndi pochotsa thovu. Mukathira oyilo, yendetsani pisitoni pang'onopang'ono mmwamba ndi pansi ili yomira, dikirani, yendetsaninso, mpaka thovu litaleka kutuluka. Zimatenga nthawi, ndipo wachangu amatseka mphepo ikadali mkati. Shock yotero mukaikankha ndi manja imayamba yalowa mwaulere kenako n'kugwira, ikulira ngati munthu akumwa thobwa la m'munsi mwa chikho. Ikatero tsegulaninso.

Chomaliza ndi mpweya, ndipo apa mawu anga ndi olimba. Musalole munthu aliyense kupopera shock yanu ndi botolo la oxygen la owotcherera. Oxygen wopanikizidwa akakumana ndi oyilo amayaka yekha, popanda machesi. Wina akakuuzani kuti "gasi ndi gasi," nyamulani shock yanu muzipita. Mphepo ya kompuresa si yoopsa chomwecho, pajatu 78 peresenti ya mphepo imene timapumayi ndi nitrogen yemweyo, koma imabwera ndi chinyezi chimene chimadyetsa zamkati ndi dzimbiri. Nitrogen wa m'botolo amagulitsa makampani a mpweya wa m'mafakitale monga Afrox, ndipo botololo limafuna regulator yake yochepetsa mphamvu ya mpweya. Ngati mulibe, chitani zina zonse pakhomo, gawo ili lokha mukapereke kwa amene ali ndi zida. Musamayesenso mphamvu yake ndi geji ya matayala: mpweya wa m'kabotolomo ndi wochepa zedi, kungokhudza vavu kamodzi mwataya wambiri. Mukapopa bwino, rod mukaikankha mkati imabwerera yokha mpaka kumapeto, mosadukiza.

Inu amene mukuti muyendabe kaye mpaka ndalama ipezeke, yang'anani tayala lakumbuyo. Likayamba kutha mwa zigambazigamba, pena pokwera pena potsika, ndi shock imeneyo. Pambuyo pake amatsatira masipoko, mabushi, ndi mabawuti omangira shock pa fulemu, amene amathyoka chifukwa chitsulo chikugunda chitsulo pa dzenje lililonse. Oyilo wodonthayo amathanso kufika pa tayala. Mukamanyamula amayi ndi mwana kumsana pa njinga yotere, mukutsika mtsetse wa mabampu nthawi ya mvula, buleki yakumbuyo simungaidalire.

Pokagula atsopano, tengani akalewo m'manja. Yezani kutalika kuchokera pakati pa diso lina kufika pakati pa linzake, chifukwa shock yotalikirapo imakweza kumbuyo n'kusintha kakokedwe ka tcheni. Musatengeke ndi kabotolo kagolide kolembedwa "gas" pa ma shock otchipa a pamsika, tambiri ndi tokongoletsa chabe, tosalumikizana n'komwe ndi oyilo wamkati. Pomanga, mabawuti muwalimbitse komaliza njinga itatsika pa sitandi, yaima ndi matayala ake, kuti timalabala ta m'maso tisakhale topotoka.