Timu yoopsa pa cricket imadziwika ndi oponya mpira ake

Anthu amene angoyamba kutsatira cricket amakonda kundifunsa kuti, pa matimu onse amene anasewerapo Test kuyambira mu 1877, pamene Australia ndi England anakumana koyamba ku Melbourne, yamphamvu koposa inali iti? Ndisanayankhe ndimayamba ndawafotokozera mmene Test imapambanidwira, chifukwa yankho lagona pamenepo.

Test imatenga masiku mpaka asanu, ndipo timu iliyonse imamenya mpira maulendo awiri. Kuunjika ma run ambiri, amene ali ngati zigoli za pa cricket, pakokha sikupambanitsa. Nthawi zambiri pamafunika kutulutsa omenya mpira khumi a timu inayo ulendo woyamba, khumi enanso ulendo wachiwiri, ma wicket 20 onse pamodzi. Masiku akatha ntchitoyo isanathe, mwalepherana basi, ngakhale munali patsogolo chotani. N'chifukwa chake ine ndikafuna kuyeza timu ndimayang'ana oponya mpira ake kaye, kenako ndimafunsa ngati ankathanso kutulutsa anthu koyenda, pa mabwalo achilendo. Pakhomo ambiri amaoneka akatswiri.

Dzina loyamba kutchulidwa limakhala Australia ya Don Bradman ya mu 1948. Inazungulira England n'kusewera masewera 34 osagonja ngakhale kamodzi, ndipo pa ma Test asanu inapambana anayi. Ku Leeds inathamangitsa ma run 404 tsiku lomaliza n'kuwapeza, itataya ma wicket atatu okha. Anthu amakumbukira Bradman, ndipo n'zomveka, koma amene ankathyola England anali Ray Lindwall, Keith Miller ndi Bill Johnston. Tisaiwalenso kuti England inali itangotuluka m'nkhondo, ndipo lamulo la chaka chimenecho linkalola kutenga mpira watsopano pakangotha ma over 55 (over imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi yoponyedwa motsatizana), zimene zinkakomera oponya mwaliwiro. Inali timu yaikulu, koma mbiri yake yatsamira kwambiri pa ulendo umodzi.

Ina imene imandipweteka mtima ndikaiganizira ndi South Africa ya mu 1970. Inakwapula Australia 4-0 ili ndi Graeme Pollock, Mike Procter ndi Barry Richards, kenako inasalidwa chifukwa cha tsankho la apartheid ndipo sinasewerenso Test mpaka 1992. Richards anathera pa ma Test anayi okhawo. Koma inali timu ya azungu okhaokha, yosasewera ndi India, Pakistan kapena West Indies, ndiye sindingaiike pamwamba pa matimu amene sinkafuna n'komwe kukumana nawo.

Tsopano West Indies. Iyi si dziko limodzi, ndi timu ya mayiko angapo a ku Caribbean monga Jamaica, Barbados, Trinidad, Guyana ndi Antigua. Mu 1975 mpaka 1976 inapita ku Australia n'kukaswedwa 5-1, anyamata ake akuvutika ndi liwiro la Dennis Lillee ndi Jeff Thomson. Kaputeni wawo Clive Lloyd anabwerako ataphunzirapo kanthu. Matimu ambiri nthawi imeneyo ankadalira oponya mwaliwiro awiri, ndipo awiriwo akatopa omenya mpira ankapumako. Lloyd anayamba kuika anayi nthawi imodzi. Andy Roberts, Michael Holding, Joel Garner ndi Colin Croft ndiwo anayamba, kenako kunabwera Malcolm Marshall, pambuyo pake Courtney Walsh ndi Curtly Ambrose.

Taganizani muli pa bwalo, chomenyera m'manja. Mwapirira Holding kwa ola lathunthu, manja achita dzanzi, ndiye akupita kukapuma, mpira akupatsa Garner, chimphona choposa mamita awiri, amene mpira wake umachokera m'mwamba n'kudumphira pachifuwa. Mbali inayo kuli Marshall, wamfupi koma wokhotetsa mpira uku ndi uku. Populumukira panalibe. Ndipo ma run oti oponyawa atetezere ankakhalapo, chifukwa kutsogolo kunali Gordon Greenidge ndi Desmond Haynes, kenako Viv Richards, amene ankamenya mpira atavala kapu wamba, wopanda chipewa choteteza mutu, ndipo mu 1986 kwawo ku Antigua anafika ma run 100 pa mipira 56 yokha.

Zotsatira zake n'zimene zimandichititsa kuiika patsogolo. Itagonja ku New Zealand kumayambiriro kwa 1980, West Indies inatha zaka 15 osagonjanso series iliyonse (mndandanda wa ma Test pakati pa matimu awiri), ma series 29 otsatizana, pakhomo ndi koyenda. Mu 1984 inakagonjetsa England 5-0 ku England komweko, n'kubwerezanso 5-0 a England atabwera ku Caribbean. Osewera anasintha, Lloyd anasiyira Richards ukaputeni, Richards anasiyira Richie Richardson, koma timu inali chiimire. Kwa anthu a zilumbazo, adzukulu a akapolo ndi a antchito a m'minda ya nzimbe, kugonjetsa mtsamunda wakale pa masewera amene iye yemweyo anabweretsa chinali chinthu choposa masewera. Amene anaigwetsa West Indies ndi a Australia a Mark Taylor mu 1995, pamene Steve Waugh anamenya ma run 200 ku Kingston.

Amene amatsutsana nane amaloza Australia imene inabadwa pamenepo, ndipo mfundo zawo n'zolemera. Timu ya Waugh inapambana ma Test 16 otsatizana, kuyambira ndi wa ku Harare ndi Zimbabwe mu 1999, ndipo ya Ricky Ponting inafikanso pa 16 pakati pa 2005 ndi 2008. West Indies sinapitirirepo 11. Australia inali ndi chida chimene Lloyd analibe: Shane Warne, wozunguza mpira amene anatenga ma wicket 708, pambali pa Glenn McGrath wa 563. Adam Gilchrist, wogwira mpira kumbuyo kwa womenya, ankalowa wachisanu ndi chiwiri n'kumenya ngati masewera akutha mawa. Ankapeza ma run mofulumira, motero nthawi yotulutsira anthu 20 inkatsala yambiri ndipo sankalepherana kawirikawiri. West Indies, kunena zoona, inkachedwa kumaliza ma over ake, ndipo ma series ena inangowapulumutsa mwa kulepherana.

Komabe Australia imeneyo inkagonjetseka. Mu 2001 ku Kolkata, India itatsalira kwambiri mpaka kuuzidwa kumenyanso mpira nthawi yomweyo, VVS Laxman anamenya 281 ndipo Rahul Dravid 180, India n'kupambana Test imeneyo komanso series yonse. Mu 2005 England inaigonjetsa 2-1. Ngati mukufuna timu yopambana masewera ambiri, tengani Australia, sindikanganani nanu. Ngati mukufuna timu imene inakupezani kwanu, inu n'kuipeza kwawo, zaka 15 osaipezera njira, ndi West Indies yokha.

Masiku ano mkanganowu uli ndi bwalo lake, World Test Championship. New Zealand inatenga chikho mu 2021, Australia mu 2023, ndipo mu 2025 pa bwalo la Lord's ku London, South Africa ya Temba Bavuma, kaputeni woyamba wakuda wa timu ya Test ya dzikolo, inagonjetsa Australia. Aiden Markram anamenya 136 n'kutamandidwa koyenera, koma pa ma wicket 20 a Australia, 9 anatenga ndi Kagiso Rabada.