Palibe chipinda chozimitsira mphamvu yokoka ya dziko

Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikupima matupi a oyendetsa ndege, funso ili landitopetsa: "Adokotala, chipinda chija amazimitsamo mphamvu yokoka ya dziko chili kuti?" Chipinda chimenecho kulibe, ngakhale ku NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga. Pa International Space Station pomwe, chombo chozungulira dziko chomwe mumakhala ofufuza, makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, mphamvuyo ilipo, pafupifupi magawo 90 pa 100 a yomwe tikumva panoyi. Anthu a m'chombomo amayandama chifukwa akugwa pamodzi ndi chombo chawo, koma poti akuthamanga cham'mbali makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, amangogwa mozungulira dziko osalikhudza.

Ndiye tikafuna kupeputsa munthu, timamugwetsa. Ndege ya Airbus A310 ya kampani ya Novespace, yonyamukira ku Bordeaux m'dziko la France, imakwera mwamphamvu, kenako n'kuyenda ngati mwala woponyedwa m'mwamba. Okweramo amayandama masekondi 22 okha, ndipo asanayandame komanso akangomaliza, thupi limalemera pafupifupi kawiri. Akasintha pang'ono kauluke kameneka, amapeza kulemera kwa pa Mwezi, 0.16 g, kapena kwa pa Mars, 0.38 g (1 g ndi kulemera kwathu kwa masiku onse pano pa dziko). Dziwe la NASA ku Houston, lakuya mamita 12, ndi loti opita m'mlengalenga aziphunziriramo ntchito chabe. Madzi amanyamula chovala chawo cha m'mlengalenga, koma munthu ali m'katiyo akadali wolemera, ndipo akazondoka magazi amathamangira kumutu monga nthawi zonse. Ofufuza akafuna kuona zomwe zimachitikira mafupa ndi minofu, amagoneka anthu pabedi lopendekera kumutu ndi madigiri 6. Ku Cologne m'dziko la Germany mu 2019 anthu odzipereka adagona chonchi masiku 60 osadzuka.

Kulemeretsa munthu ndiye kosavuta, ndipo n'komwe kumandidetsa nkhawa. Timamukhazika kunsonga kwa mkono wautali wa makina ozunguza otchedwa centrifuge. A ku Star City, pafupi ndi Moscow, mkono wake ndi wa mamita 18. Pa 5 g chilichonse m'thupi chimalemera kasanu, magazi omwe. Mtima umalephera kuwakwezera kumutu, ndipo amakadzaza m'miyendo ndi m'mimba. Maso ndi amene amayamba kugonja: mitundu imazimiririka, munthu amaona ngati akusuzumira m'paipi, kenako mdima, kenako wakomoka. Munthu wosaphunzitsidwa amakomoka pakati pa 4 ndi 6 g. Oyendetsa ndege zankhondo amapirira 9 g chifukwa amavala buluku lofufuma lofinya miyendo ndi mimba, ndiponso adaphunzira kukungitsa minofu ndi kupuma modukiza masekondi atatu aliwonse.

Ena amanditchulira John Stapp, yemwe mu 1954 adapirira 46.2 g pa chigaleta chothamangitsidwa ndi maroketi ku New Mexico. Zoona. Koma zidali za kanthawi kochepa kwambiri, mphamvuyo idadutsa chopingasa pachifuwa osati kuchokera kumutu kupita kumapazi, ndipo adatsikapo maso ali magazi okhaokha. Iye adali dokotala, wozunguliridwa ndi madokotala anzake.

Mnyamata wina sandichoka m'maganizo. Adali wophunzira kuyendetsa ndege, wamphamvu, wothamanga m'mawa uliwonse. Pa fomu adalemba kuti alibe vuto lililonse. Titamuzunguza, asanafike n'komwe pa 4 g, mzere wa mtima wake pa kompyuta udasokonekera, mutu n'kugwera pachifuwa. Tidaimitsa makina. Atatsitsimuka ndi pamene adaulula kuti kwa miyezi yambiri mtima unkamugunda modumphadumpha, ndipo kawiri adachita chidima akukwera masitepe. Sadauze aliyense poopa kuchotsedwa pa maphunziro. M'malo mwake adagula pa intaneti mapiritsi omwe ogulitsa ankati amalimbitsa thupi ku mphamvu ya g, ndipo madzulo aliwonse ankadzipachika chozondoka pa chitsulo, ati kuzoloweretsa magazi. Ndimadzifunsabe chifukwa chake sindidamufunse kachiwiri tili awiri, popanda fomu. Ndidakhulupirira pepala poona kuti mwanayo ngwathanzi. Zikadamuchitikira ali yekha m'ndege, sitikadamuonanso.

Mapiritsi olimbitsadi thupi ku mphamvu ya g kulibe, ndipo wokugulitsani akukuberani. Ambiri mwa mankhwala ogulitsidwa ngati opatsa mphamvu amakhala ndi zothamangitsa mtima, zomwe ndi zoopsa kwa munthu amene mtima wake uli kale ndi vuto. Kuzondoka sikuphunzitsa thupi kupirira g. Kumangokweza kuthamanga kwa magazi m'mutu ndi m'maso, ndipo ngati muli ndi BP kapena matenda a maso a glaucoma, musayerekeze. Chovala cha zitsulo zolemera chimalimbitsa miyendo, koma magazi anu sichiwalemeretsa ngakhale pang'ono, choncho si "maphunziro a mphamvu yokoka" monga amalengezera. Ndipo zomangirira munthu pa chozungulira cha ana n'kuchizunguza ndi tayala la njinga yamoto, zomwe zimaoneka m'mavidiyo, zavulaza ana ubongo ndi maso.

Ngati mudakomokapo osadziwa chifukwa, kapena mtima umadumpha, kapena mudachita chidima pa chozungulira cha kumalo achisangalalo, pitani akakupimeni mtima ndi ECG sabata ino, musanakwere china chilichonse chozunguza kapena chogwetsa. Mukafika, muuzeni dokotala zonse, ndi mapiritsi omwe mwakhala mukumwa.