Mankhwala ena akakumana ndi dzuwa amasintha khalidwe

Kuno kuchigwa, kuyambira Chikwawa mpaka Nsanje, dzuwa la Okutobala limapitirira madigiri 40, koma wodula nzimbe ku Nchalo, wakabaza wa pa Bangula ndi mayi wothirira kudimba sangasiye ntchito. Pali kupsa kwina kwa khungu kumene ife a zamankhwala timakuzindikira msanga, chifukwa kumatsata malire a chovala. Kumagwira kuseri kwa zikhatho, pamphuno, pakhosi pomwe malaya athera, ndi pamwamba pa mapazi ngati munthu amavala patapata. Pomwe panali nsalu pamakhala bwinobwino. Tikaona zotere timayamba ndi kufunsa kuti, "Kodi mukumwa mankhwala anji?" Mayankho amene timatchera khutu ndi doxycycline ndi ciprofloxacin.

Awiriwa ndi mankhwala abwino opha mabakiteriya. Doxycycline amaperekedwa pa kolera ndi pa matenda ena opatsirana pogonana, pomwe ciprofloxacin amathandiza pa tayifodi, kamwazi ndi matenda a njira ya mkodzo. Mukamwa, magazi amawafikitsa paliponse, ngakhale pakhungu. Apo ndi pomwe amakumana ndi cheza cha dzuwa chotchedwa UVA, chomwe maso sachiona koma chimadutsa mitambo ndi galasi la zenera.

Mankhwalawa amayamwa mphamvu ya chezacho, koma sangathe kuisunga. Ali ngati lata la padenga masana: limalandira dzuwa, kenako limaotcha chilichonse cholikhudza. Chimene chimakhala pafupi kwambiri m'thupi ndi mpweya wa okosijeni. Okosijeni akalandira mphamvuyo amasanduka waukali, n'kuyamba kuwononga maselo, tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi: mafuta a chikuta cha selo, mapuloteni, ndiponso DNA.

DNA ndi ulusi wautali wa mizere iwiri yopotana, womwe umasunga malangizo onse a selo. Malangizowo amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Nthawi zonse A amagwirana ndi T, ndipo G amagwirana ndi C. Mwa zinayizi, G, yemwe dzina lake lonse ndi guanine, ndiye savuta kuwonongeka. Okosijeni waukali uja akamukhudza, G amasintha maonekedwe n'kuyamba kugwirana ndi A m'malo mwa C. Selo ikamakopera DNA yake kuti igawikane, imakopera ndi cholakwikacho. Nthawi zina ulusi umaduka ndithu, ndipo nthawi zina mankhwala amapatsira mphamvu ku ma T awiri oyandikana, iwo n'kumatana, kuwerenga malangizo n'kuimira pomwepo. Maselo athu ali ndi njira zokonzera zoterezi. Zikachuluka, selo imafa, ndiye munthu amaona khungu likutentha, kutupa, kapena kutuluka matuza. Doxycycline amathanso kuchititsa chikhadabo kutukuka pachala.

Ukali wa mankhwalawa umasiyana. Wachibale wa ciprofloxacin wotchedwa lomefloxacin ndi woopsa kwambiri padzuwa, moti mbewa zomwe zinapatsidwa mankhwalawo n'kuunikidwa ndi UVA zinatuluka zotupa pakhungu. Ciprofloxacin ukali wake ndi wocheperapo. Doxycycline amapsereza kwambiri mlingo ukakwera.

Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti akatswiri anatembenuza vuto lomweli kukhala chida. M'chaka cha 1900, wophunzira zaudokotala ku Munich, Oscar Raab, anaona kuti utoto wa acridine umapha tizilombo ta m'madzi msanga pakakhala kuwala kusiyana ndi mumdima. Masiku ano utoto wobiriwira ngati thambo wotchedwa methylene blue umapakidwa pachilonda kapena m'nkhama, n'kuunikidwa ndi nyali yofiira. Utotowo umamatirira pa bakiteriya, wina n'kulowa pakati pa zilembo za DNA yake. Nyali ikayaka, okosijeni waukali amabadwira pomwepo. Sakhala ndi moyo ngakhale kwa kuphethira kwa diso, ndiye amawononga zokhazo zili pafupi naye. M'maiko ena, njira yomweyi imagwiritsidwa ntchito popha mavairasi m'madzi a magazi operekedwa kwa odwala.

Ubwino wake ndi uwu. Mankhwala ambiri amamenya bakiteriya pamalo amodzi, ndipo bakiteriya akasintha malowo, mankhwala amasiya kugwira ntchito. Okosijeni waukali sasankha: amaboola chikuta, amawononga mapuloteni, amadula DNA, zonse nthawi imodzi, moti ngakhale mabakiteriya odziwa kukonza DNA yawo amafa. Komabe tisayembekezere zambiri. Kuwala kumalowa m'thupi mamilimita ochepa chabe, choncho njirayi ndi ya pabala, m'kamwa ndi malo ena ofikirika. Tayifodi ya m'magazi singachizidwe ndi nyali, ndipo kuyanika chilonda padzuwa si mankhwala.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa abale athu achialubino. Khungu lakuda lili ndi utoto wachilengedwe wotchedwa melanin, yemwe amatchinga mbali ina ya chezacho, ngakhale satchinga chonse. Achialubino alibe chitetezo chimenechi, ndipo khansa ya pakhungu imawagwira kale ali aang'ono. Dokotala kapena wopereka mankhwala asamangolemba doxycycline kwa munthu wotere osamufunsa kuti amatandala kuti. Nthawi zambiri pamakhala mankhwala ena oti n'kusinthira.

Kwa ena tonse, mankhwala mwapatsidwa kuchipatala musawasiyire panjira chifukwa choopa dzuwa, pakuti kusiya kungachititse matendawo kubwereranso. Valani malaya a manja aatali ndi chipewa cha khonde, ndipo ngati n'kotheka gwirani ntchito yakumunda m'mamawa ndi madzulo, kupewa dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana. Pitirizani kudziteteza kwa masiku angapo mutamaliza kumwa. Makapisozi ogula pamsika apeweni, chifukwa wogulitsayo sangakuuzeni zonsezi. Khungu likayamba kutentha modabwitsa kapena matuza akatuluka, chokani padzuwa ndipo bwererani kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga paketi ya mankhwalawo. Ngati zilonda zafika m'kamwa kapena m'maso, limenelo ndi vuto lina loopsa kwambiri. Musamwenso mankhwalawo, thamangirani kuchipatala.