Maso ali bwinobwino koma ndowa sakuizindikira, vuto ndi chani?

Tengani ndowa muiike pansi, ndiye muisuzumire kuchokera pamwamba penipeni. Chomwe mukuona ndi chinthu chozungulira, mkati mwake china chozungulira chaching'ono, basi. M'mbali simukuoneka, kutalika kwake sikukuoneka, koma inu mukudziwabe kuti iyi ndi ndowa. Ntchito imeneyi si ya maso ayi. Diso limangojambula chithunzi chafulati n'kuchitumiza kumbuyo kwa mutu, ubongo ndi umene umalumikiza mizere, mithunzi ndi m'mphepete mwa chinthucho n'kunena kuti aaa, ndi ndowa ija, yangooneka mbali ina.

Kuchedwako pang'ono kuzindikira chinthu si matenda, tisaopsezane. Tonsefe chinthu chikakhala mozondoka timayamba tapendeketsa mutu kaye. Mu 1971 akatswiri ofufuza Roger Shepard ndi Jacqueline Metzler anaonetsa anthu zithunzi ziwiriziwiri za tinthu totembenuzidwa n'kumawafunsa ngati ndi kanthu kamodzimodzi, ndipo anapeza kuti kanthu kakatembenuzidwa kwambiri munthu amatenganso nthawi yaitali kuti ayankhe, ngati akuchita kukazunguza m'mutu mwake. Zimenezo n'zachibadwa.

Matenda ndi pamene munthu wayang'ana, wayang'ananso, chinthu chomwe amachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma osachidziwa mpang'ono pomwe. Madokotala amati agnosia. Dzinali analibweretsa ndi Sigmund Freud mu 1891, koma chaka cha 1890 Heinrich Lissauer anali atagawa kale vutoli pawiri, ena ubongo umakanika kulumikiza maonekedwe a chinthu kuti chikhale chathunthu, ena maonekedwe amawaona bwino moti atha kujambula chinthucho papepala koma osadziwa kuti n'chiyani. Ndiye mu 1973 Elizabeth Warrington ndi Angela Taylor ku London anayesa odwala ndi zithunzi za zinthu wamba, china chojambulidwa mmene tinazolowera kuchionera, china chojambulidwa kumbali yachilendo ngati ndowa yathu ija. Anthu omwe ubongo wawo unavulala mbali ya kumanja chakumbuyo ankatchula bwinobwino chithunzi chozolowereka koma chachilendocho ankalephera. Mpaka pano madokotala a ubongo amagwiritsabe ntchito mayeso otere.

Pakhomo zimaoneka bwanji?

Apa ndi pomwe achibale timalakwitsa kwambiri. Agogo akufuna kapu, kapu ili patsogolo pawo pomwepo koma mwaitsuka n'kuiika mozondoka kuti iume, iwo akuidutsa n'kumafunsa kuti kapu yanga mwaika kuti. Mukaitembenuza chogwirira n'kuonekera, aizindikira nthawi yomweyo. Nsapato itagwa chammbali, mpando utagwa miyendo m'mwamba, supuni italoza kwa iwo mwakuti akungoona kunsonga kwake, sizasi yotseka, ambulera yopinda, zonsezi zimasanduka zinthu zachilendo. Madzulo kukamada kapena patebulo pakadzadza katundu wosanjikizana zimanyanya.

Chizindikiro chachikulu ndi ichi, mukawapatsa chinthucho m'manja amachidziwa. Makiyi omwe amawayang'ana osawadziwa, mukangowagwedeza n'kumva kulira kwake ati makiyi. Ndiye chifukwa chake anthu amayamba kunena kuti akuchitira dala, kapena ndi ukalamba, kapena mutu wasokonekera, pomwe munthuyo nzeru zake zili bwino, akucheza bwino, akukumbukira zonse. Kumukalipira kuti kodi simukuona apa sikuthandiza, amangoyamba manyazi n'kumabisa vutolo.

Ndipo magalasi sathetsa zimenezi. Munthu atha kupita koyezetsa maso, kuwerenga zilembo za pakhoma zija mpaka mzere wa pansi, n'kuuzidwa kuti maso ali bwino, ndipo n'zoona ali bwinodi.

Chimayambitsa n'chani? Nthawi zambiri ndi sitiroko yomwe yagwira mitsempha ya magazi ya kumbuyo kwa ubongo. Kuvulala mutu pangozi, chotupa mu ubongo, komanso mpweya woipa wa carbon monoxide womwe umadzadza m'chipinda chotseka mukamayaka makala kapena jenereta, nazonso zimatha kuononga mbali imeneyi. Palinso matenda ena oyenda pang'onopang'ono otchedwa posterior cortical atrophy, omwe kawirikawiri amayamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 50 ndi 65 ndipo ambiri gwero lake ndi Alzheimer's, matenda a ubongo oiwalitsa anthu. Awa ndi ozembera chifukwa poyamba munthu saiwalaiwala, amangodandaula za maso, kusintha magalasi kangapo osaona kusintha, kuphonya mizere powerenga, kulephera kuyeza mtunda poimika galimoto.

Zikayamba mwadzidzidzi thamangani kuchipatala

Osadikira kuti kuche, osati tione kaye mawa. Munthu yemwe m'mawa anali bwino ndiye masana sakuzindikira zinthu, kapena mbali imodzi sakuona, kukamwa kwapindika, dzanja lalefuka, mawu akutuluka mokoka, mutu ukuwawa modabwitsa, muziganiza za sitiroko. Lembani nthawi yomwe munamuona komaliza ali bwino chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amaperekedwa mkati mwa maola anayi ndi theka. Musamumwetse asipirini musanafike, sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika ndipo asipirini angaonjezere kukha magaziko, sikani ya mutu ndi yomwe imasiyanitsa. Chakudya ndi madzi nazonso dikirani kaye, atha kutsamwa. Zizindikiro zikatha zokha pakapita mphindi zochepa pitanibe, nthawi zambiri limakhala chenjezo.

Zikamabwera pang'onopang'ono pitaninso, koma mukafotokoze bwino. Mukangoti sakuona bwino akutumizani kwa a maso basi. Nenani kuti maso anayezetsa ali bwino koma kapu ikakhala mozondoka saidziwa mpaka ataigwira, mawu amenewo dokotala amupatsa poyambira.

Piritsi lochiza agnosia yeniyeniyo palibe, amachiza chomwe chayambitsa. Ena a sitiroko amapezako bwino pakapita miyezi, ena vuto limakhalabe ndipo amaphunzira kukhala nalo mothandizidwa ndi akatswiri ophunzitsa odwala ntchito za tsiku ndi tsiku. Kunyumba ikani chinthu chilichonse pamalo ake omwewo, choimirira mmene anachizolowerera, patebulo pazikhala zinthu zochepa, kuwala kuzikhala kokwanira, mbale yoyera isakhale pansalu yoyera. Asiyeni azigwira zinthu, manja ndi amene akuwauza zoona. Mipeni, mankhwala akumwa ndi mabotolo a mankhwala ochapira wina aziyang'anira, ndipo zoyendetsa galimoto kapena njinga ayambe asiya mpaka dokotala atavomereza.

Kupewa kwake ndi komwe kuja kwa sitiroko, yezetsani BP ndi shuga ngakhale mukumva bwino, mankhwala a BP osasiya chifukwa choti mutu wasiya kuwawa, fodya ayi, helemeti pa njinga yamoto, ndipo makala oyaka kapena jenereta zisagone nanu m'chipinda chotseka mawindo.