Fomu ya m'katoni ya filiji siingasenze matani anu

"Ainjiniya, fomu ndi fomu basi, eti?" Funso limeneli landikwana.

Amene akumanga zipinda zoziziritsira nyama kapena nsomba za ku Nkhata Bay kuno ku Mzuzu anamva kuti pansi pa silabu pamafunika fomu, kuti kutentha kwa m'nthaka kusakwere. Mpaka apo ali bwino. Amasochera pogula. Yoyera ija ya timibulu, yangati yotchingira filiji m'katoni, ndi EPS. Ilipo EPS yolimba yomangira, inde, koma yotchipa imene mumathamangirayo chala chokha chimalowa. Pansi pa katundu wolemera ine ndimayala XPS, fomu yolimba yopanda timibulu, imene kawirikawiri imabwera yabuluu, yapinki kapena yobiriwira, ndipo siimwa madzi mwachisawawa.

Koma ngakhale ogula XPS amapusitsidwa ndi nambala ya papepala. Akaona 300 kPa, muyeso wa kulemera kumene fomu ingasenze, wogulitsa n'kuwauza kuti ndi matani pafupifupi 30 pa sikweya mita, amawomba m'manja. Nambalayo amaipeza popanikiza fomu pamakina mpaka itaphwa gawo limodzi mwa magawo 10. Ndiye kuti fomu ya mamilimita 100 yatsika ndi mamilimita 10. Konkire yanu ingalole zimenezo osang'aluka? Chinanso, fomu ikasenza katundu chaka ndi chaka imanka niphwa pang'onopang'ono, choncho ife timangodalira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nambalayo. Ndipo katundu sakhala moyala ngati mphasa. Shelefu yodzaza imaponda ndi timiyendo tinayi, forklift, kagalimoto konyamulira katundu, imaponda ndi matayala. Chimene chimamwaza kulemerako ndi silabu yokhuthala yokhala ndi zitsulo zake, ndipo pena timafuna XPS ya 500 kapena 700 kPa.

Bambo wina wa ku Luwinga sandichoka m'mutu. Anabwera asanayambe kumanga chipinda cha madigiri 18 pansi pa ziro. Ndinawalembera zonse: kutsendera dothi, mapaipi odutsitsa mphepo pansi kuti nthaka isaundane, pulasitiki, XPS mizere iwiri mopingasa molumikizira, pulasitiki ina pamwamba, kenako konkire. Anayang'ana mtengo n'kupukusa mutu.

"Ainjiniya, mmisiri wanga akuti wamangapo zambiri zotere."

"Bambo, mufunseni akuonetseni chimodzi chokha chimene chatha zaka zisanu."

Sanabwerenso. Mmisiri uja anayala zidutswa za fomu yoyera, n'kuthira kasilabu kopyapyala, mapaipi osaikamo. Chaka chisanathe, ming'alu inazungulira miyendo ya mashelefu. M'malo moitana munthu, anamata ndi simenti. Madzi otsukira analowa m'ming'alumo, n'kuuma, n'kukankha konkire, poti madzi akaundana amafufuma. Anamatanso. Kuzizira kunatsika mpaka m'nthaka, ndipo nthaka ya ku Mzuzu ndi mvula yathuyi chinyezi sichisowa. Nthaka itaundana, pansi panatumphuka pakati, chitseko n'kuyamba kukhula pansi, kenako kukaniratu kutsekeka. Apo ndi pamene foni yanga inalira.

Chimandiwawa n'choti Luwinga si kutali. Ndikadangopatukirako tsiku lothira konkire.

Amisiri oterewa alipo ambiri, ndipo pakamwa amatha. Mukamva wina akuti "fomu iliyonse imagwira", kapena akulephera kukuonetsani pepala la kampani yopanga fomuyo, musamupatse ndalama. Mufunseninso za chiswe. Sichidya fomu ngati chakudya, koma chimaboola njira mkati mwake bwinobwino mpaka kukafika pa matabwa, ndiye nthaka ithiridwe mankhwala ndipo m'mbali mutsekedwe. Petulo ndi thina zisayandikire, zimasungunula fomu mukuona. Mng'alu woyamba ukaoneka pafupi ndi mwendo wa shelefu, tsitsani katundu tsiku lomwelo, itanani injiniya, osati womata.

Kwa bambo aja tinaswa silabu yonse, makina atazimitsidwa masabata angapo kudikira kuti nthaka isungunuke, nsomba akulipira kosungitsa kwina. Fomu ija titaitulutsa, pansi pa miyendo ya mashelefu inali itaphwa ngati chigumu chopondedwa, ikudontha madzi.