"Adokotala, ndibwerera liti pa njinga?"

Anyamata a kabaza wa njinga zamoto akangotsitsimuka pabedi la chipatala, funso lawo loyamba limakhala limeneli. Ndakhala ndikugwira ntchito ya mafupa kwa zaka zambiri ndipo funsoli landitopetsa, chifukwa wofunsayo amakhala atadziyankha kale mumtima: ululu ukangotha, ndikukwera.

Ululu kutha si kupola. Fupa la msongolo likathyoka limafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti ligwirane bwino, pomwe ululu umazilala m'masabata ochepa chabe. Pakati pamenepa ndi pomwe timatayira anthu.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala. Njinga sinali yake, ndipo mwini wake ankafuna ndalama madzulo aliwonse, kaya wagwira ntchito kaya wagona. Tinamumanga chikhakha, ndinamuuza tsiku lobweranso kudzajambulitsa. Sabata yachisanu anachidula yekha ndi mpeni n'kubwerera pa siteji. Mwendo utayamba kupindika, achibale anamutengera kwa sing'anga, amene anamutema mphini pamalo othyokawo, kupakamo mankhwala akuda, n'kumanga nsungwi ndi chingwe molimba ngati mtolo wa nkhuni. Anafika kwa ife zala zitada kale, mafinya akununkha. Tinaudula m'munsi mwa bondo. Mayi ake anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndinamuuza. Ndinamuuza, mayi. Koma sindinamufunse kuti miyezi yonseyo adya chiyani, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tsopano ndimayamba ndi funso limenelo, ndipo ndimaitanitsa mkazi wake kapena amalume ake kuti tikambirane tonse chikhakha chisanaume.

Sindiuza aliyense wothyoka kuti asiye njinga. Ambiri amapola n'kubwerera bwinobwino. Koma alipo amene ayenera kusiya, ndipo nthawi zambiri ndi omwe amakana kwambiri. Phazi lamanja ndilo limaponda buleki ya kumbuyo, lamanzere limasintha magiya. Ngati mtsempha unawonongeka moti phazi limangolendewera, silikweza, mudzachedwa kuima tsiku lomwe mwana wadumpha msewu. Ngati diso limodzi linafa, galimoto yochokera mbali imeneyo simuiona msanga.

Choopsa kuposa zonse ndi mutu. Munthu amene anamenyetsa mutu, patapita miyezi n'kuyamba kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, asakwerenso kufikira dokotala atamulola, ngakhale wagwa kamodzi kokha. Si ufiti wa anzanu a pa siteji. Ndi chipsera cha mu ubongo, mankhwala ake alipo, ndipo nthawi zambiri kukomokako sikuchenjeza. Tangoganizani chikugwirani muli pa liwiro, kumbuyo mwanyamula mayi ali ndi khanda kumsana.

Ndipo chonde, lekani kupita kunyumba mukagwa n'kugunda mutu pongoti mwadzuka nokha ndipo mukulankhula. Magazi amatha kumadontha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza munthu akuseka ndi anzake. Kenako mutu umakula kupweteka, kusanza kumayamba, tulo tosadzutsika timabwera. Abale amati musiyeni apume, m'mawa amapezeka atauma. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kuti ngati pakufunika kujambula mutu akutumizeni ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central nthawi ikadalipo. Chimodzimodzi fupa likatulukira panja: musalibwezere mkati, musathirepo dothi, mafuta a injini kapena masamba. Phimbani ndi nsalu yoyera, thamangani. Bala lotere limafuna kutsukidwa ndi kulandira jakisoni m'maola oyamba, osati mawa mukamaliza kukambirana ndi mwini galimoto za chipukuta misozi.

Za chipewa sindibwerezanso, mukuzidziwa. Ndingoti chipewa chosamanga lamba pachibwano chimauluka mutu usanafike pa tala, ndipo ndalandira ambiri amene chipewa chawo chinabwera chili chosakandika, m'manja mwa mnzawo.